Zibangili Khumi ndi Zisanu

4 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mdzukulu wanu. Miyendo ija ikutani masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungotopa basi, ndipo kutopa sikunaphepo munthu.

Maganyu ochapa m'makomo aja ndasiya. Ndinapeza ntchito mwezi wathawu, koma sindinakuuzeni msanga, paja mimba ya mwezi umodzi salengeza. Ndikugwira pa holo yochitira maphwando a ana. Musaseke. Kuno mwana akakwanitsa chaka, makolo amalipira malo kuti iye ndi anzake adumphe, akuwe, adye keke, kenaka azipita kwawo, ife n'kutsala tikukolopa. Muli chinyumba chopopa ndi mpweya chimene ana amadumphamo, dziwe la timipira tapulasitiki, ndi matebulo aafupi oti ukawerama powapukuta tsiku lonse msana umakukumbutsa zaka zako. Timipirato timatitsuka Lolemba lililonse, ndipo zimene timapeza pansi pake sindingazilembe m'kalata.

Ine malo anga ndi pakhomo. Mwana aliyense amene amulipirira ndimamuveka chibangili cha pepala pamkono, chomata. Wopanda chibangili salowa, kaya alire mpaka kugubuduka. Zibangilizo amandipatsa zowerenga m'mawa, zikatsala ndimabweza. Mwini malo ndi mayi wina amene anzanga anawatcha Mai Wotchi, chifukwa akamakulankhula maso amakhala pamkono pawo. Si oipa mtima, koma samwetulira zaulere. Anditenga mongoyesa kwa miyezi itatu. Ukatha Epulo, ngati sindinalakwe kalikonse, andilembera pepala la ntchito yokhazikika. Amayi, chifikireni kuno sindinagwirepo pepala lotero m'manja mwanga. Mundipempherere, chifukwa ndatopa kudzuka m'mawa osadziwa kuti lero ndikagogoda pa geti ya ndani.

Ndalama ndatumiza dzulo. Muyambe mwalipira kusukulu, yotsalayo mugule mankhwala anu, osati muziti mupirira. Mmisiri wa zenera uja musamupatse yonse asanamalize, mukumudziwa. Mdzukulu wanu Kamano mumuuze kuti mano akutsogolowo amera ndithu, asamatseke pakamwa akamajambulitsa. Nsapato zake ndimugulira pepala lija likatuluka, apirire nazo zakalezo.

Achimwene ndi alamu sindinawaone milungu itatu tsopano, koma ndikumva kuti ali bwino.

Ine mwana wanu

19 Malichi

Amayi,

Moni wa masiku. Ndasangalala kumva kuti mankhwala mwagula ndipo mukutha kufika kumsika nokha. Ine ndili bwino, kachifuwa kanandigwira koma katha.

Ndinalemba kuti alamu sindikuwaona. Ndinaziputa dala. Lachiwiri anatulukira kuntchito, chikwama m'khwapa, magalasi pamutu, akuti afuna kuchitira phwando Dokotala. Mwana wa achimwene uja akukwanitsa zaka zisanu pa 12 Epulo, ndipo dzina la udokotala limene anamupatsa akadali m'matewera likadalipo, ngakhale mpaka pano amaopa bandeji.

Ndinawalandira bwino, n'kuwaonetsa pepala la mitengo. Pali maphwando atatu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu. Analiyang'ana pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo, n'kusankha laling'ono, la ana khumi ndi asanu, maola awiri, keke imodzi, ndi kathumba ka mphatso ka mwana aliyense potuluka. Mpaka pamenepo zinali bwino. Kenaka anatembenukira kwa Mai Wotchi n'kuyamba kufunsa basela, ngati akugula tomato. Akuti awonjezereko ola limodzi poti ana sachedwa kuzolowera. Akuti munthu wovala chinyama cha chimbalangondo uja adzangodutsako pang'ono, si amakhala ali pompano kale. Akuti kupenta ana kumaso si kanthu, penti wake ndi wochepa. Chilichonse akatchula amandiyang'ana, kuti ndivomereze. Ine maso ndinaloza pansi, n'kumapukuta tebulo loyera kale.

Mai Wotchi anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwauza mwaulemu kuti zonsezo zilipo, zili m'phwando lalikulu, ndipo mtengo wake ndi uwo walembedwa apowo. Alamu anaseka, n'kunena kuti iwo si mlendo pamalopa, ali ndi m'bale wawo mkati. Mai Wotchi anandiyang'ana. Kanali koyamba kuwaona akuyang'ana munthu osati wotchi, ndipo sizinandikomere.

Powaperekeza panja alamu ananditsina pamkono. "Nanga tikakhala ndi wathu mkati phindu lake n'chiyani, alamu? Mwangoti duu ngati sitidziwana." Ndinawafotokozera kuti ndikadali poyesedwa, ngakhale baluni limodzi ndilibe nalo mphamvu. Anati iwo akudziwa mmene ntchito zimayendera, abwana sakhala paliponse, n'kukwera galimoto.

Sindikudandaula, ndangoti mudziwe. Za zenera mwachita bwino kumukaniza. Mumupatse moni Kamano, ndamva kuti wakhoza masamu, ndanyadira.

Mwana wanu

2 Epulo

Amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga kawiri. Ndathokoza kuti nonse muli bwino. Ine ndiliko.

Sindinadziwe kuti alamu akuimbirani foni. Mwati chibale ndi fupa sichiola, mwatinso ndisaiwale amene anandilandira nditafika kuno ndi kachikwama kamodzi. Sindinaiwale, amayi. Ndinagona m'nyumba mwawo miyezi itatu, ndinadya chakudya chawo, zoona. Koma poti mwaitchula nkhaniyi, ndikuuzeniko zimene sindinalembe nthawi ija. Mlungu umene ndinafika ndi umene anamuchotsa mtsikana wantchito. Zovala, mbale, pansi, Dokotala kumsana, zonse zinali zanga, ndipo ndikachoka kukafuna ganyu ndinkabwerera n'kupeza mbale zikundidikira. Sindinanene kanthu chifukwa mlendo sadandaula. Lero ndangolavula zakukhosi, musakawafunse.

Mwandifunsa kuti kodi kumuwonjezera mwana wa mchimwene wako kakeke n'kuba. Kwathu si kuba. Wogulitsa akakudziwa amakuponyera kenakake pamwamba, nawenso umabweranso mawa. Koma kuno katundu si wanga, ndipo chilichonse n'chowerenga, ngakhale makandulo a pakeke. Mnzanga amene ndinamulowa m'malo anachotsedwa chifukwa cholowetsa mwana wa mng'ono wake m'dziwe la timipira kwa mphindi khumi zokha.

Komabe ndayesetsa mbali yanga. Ndagula ndekha mabaluni kusitolo. Pantchito pali bambo wina wachikulire amene amapota mabaluni kukhala agalu ndi malupanga, timangowatcha Amabaluni. Ndawapempha, ndipo avomera kudzapotera ana a phwandolo pa nthawi yawo yopuma, kwaulere. Anangondiuza kuti iwo akhala pa ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo phwando la m'bale ndi limene amapempha tchuthi kuti lisawapeze. Ine tchuthi sindingapemphe, ndikadali watsopano.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Alamu sanatumize makadi kwa ana khumi ndi asanu. Alengeza pa gulu la amayi a kutchalitchi kwawo pafoni, ndi chithunzi cha holo yathu, kuti bwerani nonse ndi ana. Ndinawaimbira achimwene kuti awalankhule. Anati zimenezo ndi za azimayi, iwo analipira kale, tisawadyetse mutu. Ndiye ndagwira njakata. Nditawaimbira alamu anati ndisadere nkhawa, anthu akamati tibwera sabwera onse.

Kwatsala milungu inayi yokha kuti pepala langa lituluke. Ndikanakonda mwanayu akanabadwa mu Meyi.

Mvula ikayamba kulowanso pakona paja musunthe bedi la Kamano, asagonere chinyontho.

Ine wanu

13 Epulo

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka, koma thupi lonse likuphwanya. Lero Lamulungu sindinapite ngakhale kutchalitchi. Phwando lija linachitika dzulo, ndipo ndikufotokozerani inu nokha. Mukawerenga musauze munthu.

Loweruka Mai Wotchi amakhala ku holo yawo ina ya kutsidya kwa tauni, amangotisiyira zinthu zowerenga. Anandisiyira zibangili khumi ndi zisanu zobiriwira. Nthawi itakwana ndinatsegula chitseko, ndipo mutu unaima. Anthu anabwera onse, amayi. Woitanidwa aliyense anabwera ndi mkulu wake ndi mng'ono wake, monga timachitira, poti ndani angasiye mwana wina akulira pakhomo. Ndinawerenga mitu katatu, ndimvekere mwina ndalakwitsa. Ana makumi atatu ndi mmodzi, osamba bwino, odzola mafuta, atandandalika mpaka pamakwerero.

Alamu anaima kutsogolo ndi diresi latsopano n'kuuza anzawo mokweza kuti asadandaule, amene akuyendetsa malowa ndi mlamu wawo. Achimwene anatsala m'galimoto akudinadina foni. Ndinawakokera alamu pambali n'kuwauza kuti awonjezere ndalama za ana enawo, kapena asankhe okha khumi ndi asanu olowa. Anati ndalama alibe, ndipo ngati pali wosankha ndine, poti chitseko ndi changa. Atatero anabwerera kwa anzawo akumwetulira.

Ndinayang'ana mzerewo. Kumapeto kunali kamtsikana ka msinkhu wa Kamano, katanyamula mphatso yokulunga ndi pepala la kalendala, kakusuzumira chinyumba chodumphiramo. Ndiuzeni amayi, ndikanayambira pati kuloza kuti iwe lowa, iwe bwerera? Azimayi onsewo akundiyang'ana, ndipo mawa lake nkhani ikanafika kwa inu kuti mwana wanu wayamba kudzimva, wathamangitsa ana paphwando la mwana wa mchimwene wake.

Ndinawauza kuti adikire pang'ono. Ndinalowa m'chipinda chosungira katundu, n'kutenga sizasi yodulira zingwe za mabaluni. Chibangili chilichonse ndinachidula pakati m'litali mwake, mosamala kuti mbali zonse zitsale ndi pomatira. Khumi ndi zisanu zinasanduka makumi atatu, zoonda koma zomata. Pofulumira, china ndinachikhotetsa. Amabaluni analowa kudzatenga pampu, anaona, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Dokotala yekha ndi amene anatsala wopanda chibangili, koma anali ndi chisoti cha pepala cha mwini phwando, ndiye palibe akanamuyang'ana pamkono.

Maola awiri amenewo sindinakhale pansi. Chinyumbacho malamulo ake ndi ana makumi awiri, ndiye ndinaima pakhomo pake n'kumawalowetsa mosinthana, ena akutuluka ena akulowa, mtima uli m'mwamba kuti wina asathyoke mkono. Keke ndinaidula tizidutswa toti ukatiimika dzuwa likuonekera. Juwisi ndinathira madzi. Ana sadziwa kanthu, anasangalala, ndipo Dokotala anazimitsa makandulo ake ndi malovu omwe.

Zinavuta potuluka. Timatumba ta mphatso timakhala m'kabati yokiya, ndipo Mai Wotchi anatulutsiratu khumi ndi tisanu tokha. Muli masiwiti, wezulo ndi makrayoni, zimenezo sungadule ndi sizasi. Ana khumi ndi asanu ndi mmodzi anatuluka manja lende, ena akulira, amayi awo akuwakoka. Nkhope ya alamu inagwa. Sanandithokoze, anangoti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu, tionana.

Titatsala tokha, Amabaluni anasesa tizidutswa tonse ta zibangili timene ana anataya, n'kutiika m'thumba la buluku lawo m'malo mwa m'bini. Anati ndisadzabwerezenso. Sindidzabwereza. Chachikulu n'chakuti palibe anavulala ndipo zatha.

Mwana wanu wotopa

18 Epulo

Amayi,

Moni. Ndili bwino, musade nkhawa. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Ndalemba mwachidule. Nsapato za Kamano zimene ndinati mukaone mtengo wake, zisiyeni kaye. Mmisiri akabwera za pakona paja mumuuze kuti tidzamuitana tokha. Ndalama ya mwezi uno ikafika muigwire bwino, musabwereke munthu aliyense, ngakhale abwere ndi nkhani yomvetsa chisoni.

Alamu anabwera kuntchito dzulo. Ndidzakuuzani bwino ndikakhazikika.

Ngati mungandilembere, tumizani pa keyala ya kunyumba kumene ndimagona, osati ya kuholo imene ndinakupatsani ija.

Ine wanu

11 Meyi

Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete milungu itatu. Makalata anu onse awiri ndinalandira, ndipo foni yanu ndinkaiona ikuitana. Sindikudwala. Ndinkangosowa poyambira. Ndathokoza kumva kuti miyendo yachita bwino ndi kuti dzino limodzi la Kamano latulukira.

M'kalata yanu yoyamba mwandiyamikira kuti ndinachita zaumunthu ndipo ndakuchotsani manyazi. M'kalata yachiwiri mwafunsa ngati pepala la ntchito latuluka, ndiponso ngati alamu mtima wawo unatsika pa nkhani ya timatumba. Ndiyankha zonse ziwiri.

Pepala silinatuluke, amayi. Ntchito inatha pa 17 Epulo, kutatsala masiku khumi ndi atatu. Ndabwerera ku maganyu. Nyumba ziwiri mwa zimene ndinkachapa kale zinapeza anthu ena, imodzi yandilandiranso Lachitatu ndi Loweruka. Masiku enawo ndikuyenda. Ndalama ya mwezi uno ichepa. Mupite kusukulu mukalankhule ndi aphunzitsi aakulu kuti atipatse nthawi, mupite nokha, inu amakumverani ulemu. Mankhwala anu okha musasiye, ndikupemphani. Kamano musamuuze kanthu. Akafunsa za nsapato muziti amake sanaiwale.

Zinayenda motere. Masiku anayi phwando litatha palibe anadziwa kanthu. Chiwerengero cha zibangili ndi timatumba chinagwirizana ndi cha m'buku, Mai Wotchi anandiuzanso kuti holo ndinaisiya yoyera. Ndinayamba kupuma. Lachinayi masana ndikupukuta matebulo ndinangomva mawu a alamu pakhomo, akufunsa mwini malo.

Anabwera kudzadandaula. Anati malo athu ndi osalongosoka, analowetsa ana makumi atatu ndi mmodzi koma n'kupereka timatumba khumi ndi tisanu, ana ena mpaka lero akulira, ndipo iwo sakutha kuyang'ana anzawo kutchalitchi. Anati ngati sitiwapatsa timatumba totsalato kwaulere, alemba pa intaneti kuti anthu onse adziwe. Mai Wotchi anatsegula buku n'kuwauza kuti phwando lawo linali la ana khumi ndi asanu, mwina asokoneza. Alamu anapsa mtima kuti akuwayesa abodza. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha ana onse ataima kuzungulira keke, manja m'mwamba.

Ine ndinali chiimire ndi kansalu m'manja. Mai Wotchi anawerenga mitu ndi chala. Kenaka anakulitsa chithunzicho, n'kuyang'anitsitsa pamikono pa ana nthawi yaitali. Anandiitana osakweza mawu.

"Zibangili zathu zinaonda liti?"

Ndinanena zoona, sindinatchule Amabaluni. Ananditengera ku ofesi n'kutseka chitseko. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati mwana mmodzi akanathyoka khosi m'chinyumba chija, boma likanatseka holo ndipo anthu asanu ndi anayi akanakhala opanda ntchito. Anati ndimagwira bwino ntchito kuposa ambiri, ndipo pepala langa anali atalemba kale, linangotsala kusainira, koma pakhomo sangaikepo munthu amene satha kukana. Sindinawatsutse, amayi, chifukwa sananame. Ndinapempha kuti andisinthe, ndizingokolopa ndi kutsuka timipira. Anapukusa mutu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti sindikudziwa woti ndimukwiyire. Alamu sanabwere kudzandichotsetsa ntchito, m'mutu mwawo munali timatumba basi. Achimwene nditawauza anati pepa, ntchito zimatha, upeza ina. Inunso munandilangiza zimene munaphunzira kwa amayi anu. Sizasi ndinagwira ndekha. Ndatopa, amayi, ndipo masiku ena ndimalakalaka kungokwera basi n'kubwera, koma ndikabwera tidya chiyani.

Tsono za alamu, mtima wawo unatsika. Mai Wotchi amaopa kasitomala wokhala ndi foni m'manja, ndiye anawapepesa n'kuwapatsa timatumba tonse khumi ndi tisanu ndi kamodzi kwaulere. Tisanatuluke mu ofesi anandipatsa kiyi wa kabati, kuti ndilongedze timatumbato ndi kuwanyamulira kasitomala kugalimoto, ndikabwerako ndivule yunifolomu. Ndinalongedza, masiwiti, wezulo, makrayoni, kathumba kalikonse ndikumanga kachingwe kake bwinobwino monga anandiphunzitsira. Ndinanyamula katoniyo kudutsa pabwalo, alamu ali patsogolo, osadziwa zimene zakambidwa mu ofesi muja. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, ndinaika, ndipo anandisisita paphewa akumwetulira.

"Mwaona alamu? Ukapempha amapereka. Inu vuto lanu ndi mantha."

Ndinawauza kuti ayende bwino, n'kubwerera kukavula yunifolomu.

Ine mwana wanu